Bokosi Lachitsulo la Apongozi Anga

Amuna anga anaphunzira udokotala ine ndili ndi mwana kumsana. Pamene tinkakwatirana, iwo ankathandiza m'chipatala cha pamgodi ku Wanki, kumene lero akuti Hwange. Ntchito yawo inali kutsuka mabala a anthu ophwanyidwa ndi malasha ndi kunyamula machira. Mutu anali nawo, ndipo boma litawapatsa mwayi wa sukulu anakwera sitima kupita ku Natala, kumene anakhalako zaka zisanu ndi ziwiri. Ankabwera kamodzi pachaka, nthawi ya Khirisimasi, n'kundisiyira mabuku akale oti ndiziwapukuta fumbi, ndipo kawiri konse anandisiya ndi pakati.

Zaka zonsezo ndinkakhala ndi apongozi anga aamuna m'komboni ya Nambala 2, m'nyumba ya kampani ya zipinda ziwiri. Apongozi aakazi anali atamwalira kale, atagona kumanda a kuseri kwa njanji. Mwambo wathu sulola mkazi kuyang'ana bambo a mwamuna wake m'maso kapena kuwayankha pakamwa, koma amene anaika mwambowo sanaonepo nyumba ya zipinda ziwiri. Akatsokomola pakhomo, ine ndinkathawira kukhitchini. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wanga wamkazi, ngakhale pamene mwanayo anali asanamere mano. Ankati, "Uwauze amayi ako kuti tiyi wachepa shuga." Ine ndili pomwepo nditagwada, ndinkayankhanso kwa khanda lomwelo kuti ndamva. Tinakhala choncho zaka zonsezo osakanganapo.

Apongozi anachoka ku Ntcheu wapansi ali mnyamata, ndipo anagwira ntchito pansi pamgodi zaka zoposa makumi atatu. Chifuwa chitawavuta anawasamutsira kunyumba yosungirako nyali za anthu olowa pansi. M'chipinda chawo munali bokosi lachitsulo lobiriwira, lokhoma ndi loko, lofundidwa kansalu. M'menemo ankasungamo mphatso za abale a kumudzi. Ndipo chaka chilichonse, mvula ikayandikira, ankati, "Chaka chamawa, mvula ikangotha, tikupita kwathu."

Mwamuna aliyense wa ku Nyasalande m'komboni monse anali ndi bokosi lotero ndi chaka chamawa chotero. Bambo anga ondibereka anali nalo, ndipo anamwalira loko akadali pamenepo. Silinali bodza ayi. Munthu woiwala kwawo tinkamutcha mtchona, ndipo panalibe chitonzo chowawa kuposa chimenecho. Ukakhala ndi bokosi, n'kumanena mawu amenewo pamaso pa anzako, sunali mtchona, ngakhale imvi zikupeze pa Wanki. Womva ankangoyankha kuti, "Inde, mukatiperekere moni." Palibe ankafunsa mwezi kapena za tikiti. Ife akazi tinkazidziwa zimenezi monga tinkadziwira kuti zovala zoyera suyanika mphepo ikuchokera kumgodi.

Pa Khirisimasi, chaka chawo chomaliza chisanayambe, amuna anga anabwera ndi pepala. Anandifotokozera kuti munthu akakhoza mayeso a udokotala samusiya yekha nthawi yomweyo, amayamba wagwira chaka chathunthu m'chipatala chachikulu moyang'aniridwa ndi madokotala akale. Poti amene anawaphunzitsa ndi boma, losankha malo linali boma, koma pepalalo linkalola munthu kulemba malo awiri amene akufuna. Inali nthawi ya chitaganya, maiko atatu ali pansi pa boma limodzi, tsono akanatha kukuponya kulikonse.

Ife awiri tinali titagwirizana kale pochokera kutchalitchi kuti alembe Bulawayo. Kuchokera pa siteshoni yathu ya Tomusoni unali ulendo umodzi wa sitima, ndipo akanamabwera mwezi ukatha. Panalinso chifukwa china. Sabata yomweyo anali atawapima bambo awo ndi kachipangizo kawo komvera m'chifuwa, ndipo anatuluka m'chipindamo osaseka. Anandipeza ndikutsuka mbale n'kunena chapansipansi kuti, "Mapapo a Bambo atha. Mwina zaka ziwiri, mwina osakwana. Ndikufuna ndidzakhale pafupi."

Lamulungu lotsatira masana, akuluakulu anayi a kwawo kwa apongozi anabwera kudzacheza pansi pa mtengo wa tsanya umene unali pakhomo pathu. Ankasewera bawo, ine ndikuwathirira tiyi. Apongozi anali onyada tsiku limenelo, ndipo anauza mwana wawo kuti atulutse pepala lija anthu alione. Amuna anga analitulutsa n'kufotokoza zonse. Mkulu wina wa chala chodukira pamgodi anafunsa kuti, "Nanga Nyasalande ilipo pamenepo?"

"Ilipo," anatero amuna anga. "Munthu atha kupempha Zomba."

Apongozi anaika nkhomo za bawo pansi. Anayang'ana anzawo, n'kuyang'ana mwana wawo. "Basi lemba kwathu," anatero. "Chaka chamawa tikupita tonse. Ine ndikapume pa dothi lathu, iwe ukuchiritsa abale ako."

Akuluakulu aja anawomba m'manja, wina n'kuti, "Mukatiperekere moni, madala." Zikanathera pomwepo, monga zinkathera chaka chilichonse. Koma ndinayang'ana amuna anga ndipo ndinaona misozi ili lengelenge m'maso mwawo. Munthu uja anali atakhala zaka zambiri kutali, pakati pa anthu amene akanena tsiku amatanthauza tsikulo. Anamva bambo awo odwala akupempha kukafera kwawo. Anasolola cholembera m'thumba la malaya, natsamiritsa pepala pabondo, nalemba Zomba pamwamba, Bulawayo pansi.

Ine ndinali nditagwada pomwepo ndi ketulo m'manja, ndipo ndinkadziwa kuti apongozi sapita. Ndinkadziwa chifukwa Loweruka lililonse apongozi ankapita ndi khasu kukapalira manda a akazi awo, ndipo ankapaliranso malo opanda kanthu pambali pake. Mawu anafika pakhosi. Ndikanangoti, "Dikirani kaye, mulembe mawa." Koma pamaso pa apongozi ndi akuluakulu anayi, mkazi wa mwana satsegula pakamwa pa nkhani ya bambo ndi mwana wake. Ndinathira tiyi mpaka anasefukira m'mbale, mkulu wa chala chodukayo n'kundiseka kuti ndikufuna kumusambitsa.

M'mawa mwake ndinawatsatira amuna anga kumpopi kumene ankameta ndevu. Ndinati, "Mwalemba chiyani dzulo? Bambo anu sapita kulikonse."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Iwe sukuwadziwa Bambo. Munthu wodwala amafuna kwawo. Ndiponso mpweya wa kumapiri udzawathandiza kusiyana ndi fumbi lino."

"Ine ndakhala nawo m'nyumba zaka zisanu ndi chimodzi, inu mumawaona milungu itatu pachaka."

"Unamva wekha zimene ananena pamaso pa anthu."

"Ananena chifukwa panali anthu!"

Sanandimve. Pepala linali limodzi, lolembedwa ndi inki, ndipo analiponya kupositi tsiku lomwelo. Pofuna kunditonthoza anati ndisadandaule, boma silipatsa munthu chimene wapempha poyamba. Ndinagwira mawu amenewo chaka chonse, ndipo sindinapemphererepo boma kuti likhale louma mtima monga ndinachitira chaka chimenecho.

Amuna anga atabwerera kusukulu ndinayamba kuwaonetsetsa apongozi, kuti mwina ndine ndikulakwitsa. Sanapite kuofesi kukapempha kuti awamasule ntchito. Sanalembetse kalata yodziwitsa a kumudzi. Anakonza chitseko cha khitchini, anabzala mtengo wa papaya, ndipo Loweruka ankatenga khasu lawo monga kale, kungoti tsopano ankaima kawiri panjira kuti apume. Za Zomba sanatchulepo ngakhale kamodzi. Ndikhulupirira kuti anaiwala n'komwe, monga munthu amaiwalira moni amene anapereka dzulo.

Amuna anga anakhoza mayeso, ndipo anafika mu Disembala kunja kukuotcha ngati m'ng'anjo. Komboni yonse inabwera kudzawaona. Amayi ankabwera ndi ana otentha thupi kuti dokotala wawowawo awagwireko, ngakhale analibe ndi botolo limodzi la mankhwala. M'mawa uliwonse ankavala jekete kupita kuofesi ya komboni kukafunsa ngati kalata yawo yafika, n'kubwerako thukuta lili kamukamu, manja ali lende. Ine ndikawaona akutulukira pakona opanda kanthu ndinkapuma, poti tsiku lopanda kalata linali tsiku limene Bulawayo ikadali yotheka.

Inafika Lachitatu, Chaka Chatsopano chitangodutsa. Anabwera nayo yosatsegula, envulopu yofiirira, n'kuiika pamwamba pa bokosi lachitsulo lija. Anati kalata yotere satsegula bambo awo palibe. Tinadikira kuyambira m'mawa mpaka apongozi ataweruka masana. Ndinaphika, ndinasesa pamene ndinali nditasesa kale, ndinakalipira ana popanda chifukwa. Envulopu ili phee pabokosi.

Apongozi atasamba m'manja n'kukhala pampando wawo, amuna anga anaing'amba. Ine ndinali pakhomo la khitchini. Ndinaona nkhope ya amuna anga ikuwala asanalankhule.

"Bambo, atipatsa kwathu! Zomba. Ndikayambe pasanathe milungu itatu." Anawerenga mofulumira, akumasulira m'Chichewa. Kalatayo inati amuna anga akawapatsa chipinda chimodzi pachipatala pomwepo, chosalola banja, koma anati zimenezo n'zazing'ono, akatipezera nyumba pafupi. Anayamba kutchula masitima: Bulawayo, Halale, kenako kutsika mpaka dziko la Apwitikizi ndi kukwera kulowa kwathu, masiku anayi kapena asanu.

Apongozi anatambasula dzanja, nalandira kalatayo. Chingerezi sankawerenga, koma anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Mushe." Liwu limeneli, lotanthauza kuti zili bwino, ndi la Chilapalapa, chilankhulo cha pansi pamgodi, chimene sankachilola m'nyumba mwawo. Anaipinda bwinobwino n'kuibweza. "Upite bwino, mwana wanga."

"Tikupita tonse, Bambo."

"Tsogola iwe. Ine ndidzabwera chaka chamawa, mvula ikangotha."

Ndinaona amuna anga akumva mawu amenewo kwa nthawi yoyamba monga ife tonse tinkawamvera. Anakhala pansi, pasimenti, dokotala wathunthu, jekete ili m'thupi. "Bambo, munanena nokha. Pamaso pa anthu munati ndilembe."

"Ndinanena."

"Ndiye tiyeni. Chifuwa chanucho..." Anaima pomwepo. Sakanatha kuuza bambo awo kuti chaka chamawa alibe.

Apongozi anatsokomola nthawi yaitali, nalavulira m'kachitini kawo. "Amayi ako ndiwasiyire yani? Kumeneko akundidziwa ndani? Amene ndinawasiya akulima, onse ali pansi. Ndikafike ndi chifuwa ichi, anthu azindinyamula ngati thumba, n'kumati uyu ndiye anapita ku Wanki?" Anapukusa mutu. "Iwe pita. Ndiwe mphatso yoposa zonse zili m'bokosi umu."

Masiku otsatira amuna anga anathamanga paliponse. Anapita kwa dokotala wachizungu amene anawathandiza kupeza sukulu, ndipo iye anawalembera kalata yabwino. Anatumiza telegalamu ku Halale. Yankho linabwera laulemu: malo a ku Bulawayo adzaza, ndipo inu mwapatsidwa chimene munapempha poyamba. Mukakana, mudikire chaka china opanda chilolezo chogwira odwala. Panalibe wolakwa woti n'kumuloza chala. Ukadandaule kwa yani pamene wapatsidwa chimene unalemba ndi dzanja lako?

Tinakangana kuseri kwa nyumba, monong'ona kuti apongozi asamve. Ndinanena kamodzi kuti, "Ndinakuuzani," ndipo mpaka lero ndimamva chisoni kuti ndinatero. Iwo anati, "Bwanji sunanene pomwe paja, ndisanalembe?" Ndinati, "Ndikananena ndi pakamwa pati?"

Za amene atsale sitinakambirane n'komwe. Munthu wodwala sakanatsala yekha, ndipo m'nyumba munalibe mkazi wina. Ndinali nditadikira zaka zisanu ndi ziwiri kuti ndikhale ndi mwamuna wanga pakhomo limodzi, ndipo anandiwonjezera chaka china popanda wondifunsa. Ndinakwiya, ndisabise. Ndinakwiyira apongozi chifukwa cha pakamwa pawo, amuna anga chifukwa cha makutu awo, ndi ine mwini chifukwa cha ulemu wanga wopanda ntchito. Mkwiyowo unalibe kopita, ndipo ndinkaupititsa pa zovala pochapa mpaka malaya ena anang'ambika.

Kutatsala tsiku limodzi kuti amuna anga anyamuke, apongozi anatulutsa kiyi amene ankamumangirira m'chiuno, natsegula bokosi lija. Aka kanali koyamba kuti ndione m'kati mwake. Munatuluka fungo la mankhwala a njenjete ndi sopo wakale. Anayamba kutulutsa chimodzichimodzi, akutchula mwini wake, amuna anga akulemba papepala. Bulangete lofiira linali la amayi awo, amene uthenga wa maliro awo unafika amuna anga asanabadwe. Chipewa chinali cha amalume awo. Panali makasu awiri opanda mipini, galasi loyang'anira, ndi sopo wouma wong'ambikang'ambika. Pansi penipeni panali kadiresi ka maluwa achikasu, ka mwana wa zaka ngati zisanu ndi chimodzi.

"Aka ndi ka mlongo wanga," anatero. "Ndinamusiya akulira pa msewu, ndinamuuza kuti ndimugulira." Anakagwira m'mapewa n'kukakweza m'mwamba, ndipo ndinaona kuti akuwerenga zaka mumtima. Anakapinda msangamsanga. "Ukamupatse basi. Ukawauze kuti sindinatchone."

M'mawa wa ulendo amuna anga anawapimanso bambo awo komaliza. Kenako anandiitanira kukhitchini n'kundiphunzitsa mmene ndiziwatsamiritsira mpweya ukamavuta, ndi mmene milomo imasinthira mtundu nthawi ikayandikira. "Ukaona zimenezo, tumiza telegalamu tsiku lomwelo," anatero. Tonse tinkadziwa kutalika kwa njanji ija, koma ndinavomera ndi mutu. Apongozi sanatiperekeze ku Tomusoni, anati kuntchito kulibe wowagwirira. Bokosi tinalikweza pa njinga yobwereka, ndipo anthu amene tinakumana nawo panjira ankaima n'kumaliyang'ana, chifukwa mabokosi amenewo sankatuluka m'komboni kawirikawiri.

Nditabwerako ndinasiya ana kwa mnansi wathu kuti ndikapume pang'ono. Apongozi ataweruka anandipeza ndikukolopa pamene panali bokosi, poti simenti ya pamenepo inali yoyera kusiyana ndi nyumba yonse. Sanatsokomole pakhomo. Ndinafuna kuthawira kukhitchini, koma anali ataima panjira. Anayang'ana uku ndi uku kufuna mwana woti amuuze, ndipo mwana panalibe.

"Apongozi," anatero. Aka kanali koyamba kuti alankhule kwa ine mwachindunji. "Ndinkayesa akudziwa. Mwana wobadwira m'komboni muno, ndinkayesa akudziwa." Anapuma movutikira. "Inu munali pomwepo ndi ketulo. Bwanji simunandidule mawu?"

Ndinagwada ndi chikolopa m'manja, maso ali pansi. Yankho ndinali nalo, ndipo iwo ankalidziwa, poti mwambo umene unanditseka pakamwa unali wawo womwe. Ngakhale pamenepo sindinathe kulitulutsa. Ndinangolira, iwo n'kupita kukakhala pansi pa tsanya.

Kuyambira tsiku limenelo sananenenso za chaka chamawa. Anzawo a bawo akayamba nkhani imeneyo, iwo ankangoyendetsa nkhomo zawo. Mvula itatha anasiya ntchito, ndipo Loweruka ndine ndinkapita ndi khasu kumanda. Ndinkapalira malo onse awiri.

Kuzizira kutayamba tinalandira kalata. Ndinawawerengera nditakhala pafupi ndi mphasa yawo, popanda kudzera mwa mwana, poti zimenezo tinali titazisiya. Amuna anga analemba kuti anapeza masiku awiri opuma n'kupita ku Ntcheu ndi bokosi. Mudzi anaupeza utasamukira kutsidya la mtsinje. Mwa onse amene anawalemba papepala, wamoyo anali mlongo yekha, mayi wa imvi wokhala ndi zidzukulu. Anatenga kadiresi kaja n'kukafungata pachifuwa, osalola mdzukulu aliyense kukagwira. Kenako anafunsa kuti, "Achimwene abwera liti?" Ndinaima pang'ono ndisanawerenge mzere wotsatira. "Ndinawauza kuti chaka chamawa, mvula ikangotha."

Apongozi anatseka maso. "Waphunzira tsopano," anatero.

Milomo yawo inasintha mtundu patapita milungu itatu, Lachiwiri m'mawa, monga momwe amuna anga anandiuzira. Ndinathamangira kupositi ndisanasambe n'komwe. Anamwalira Lachinayi dzuwa lili paliwombo, atatsamira pa ine, ndipo tinawaika pambali pa akazi awo. Amuna anga anatsika pa Tomusoni patapita masiku asanu, maluwa a pamanda atafota. Ndinawalandira jekete kuti ndiikoleke, ndipo m'thumba mwake munali kachipangizo kawo komvera m'chifuwa.